Mtengo wa mu Januwale

M'Kasungu muno palibe wamalonda amene anandidyapo. Ndikunena izi osaphethira, ndipo wokayika apite akafunse eni magolosale a pa Boma, kapena ogulitsa nsichi ndi udzu wa zigafa kuyambira ku Lisasadzi mpaka ku Wimbe. Dzina langa la ubatizo ndi Yotamu Phiri, koma amalonda ankanditcha a Ndapita, chifukwa mtengo ukandiwawa sindinkachedwa: "Basi, ndapita," n'kutembenuka. Ndipo pafupifupi nthawi zonse, ndisanafike pamsewu, mawu ankandilondola kumbuyo: "Tabwerani, a Phiri, tikambirane."

Inu ana anga, Tamanda ndi Limbani, munandipempha kuti ndilembe mbiri ya ntchito yanga. Mutu uno ndinkafuna kuudumpha. Nkhani ya kasileti kowerengerapo mabuku munaimva kwa amayi anu, koma iwo anaiphika mofewetsa kuti musandikwiyire. Ine ndiyilemba yaiwisi. Koma kuti muimvetse, muyambe mwadziwa kumene ndinaphunzira kutembenuka.

Lisasadzi, ntchito yoyamba

Ndinalembedwa ntchito ndisanamere ndevu zometa, ngati kalaliki wa m'sitolo pa esiteti ina ya fodya wa bale. Ndinkalandira ndi kutulutsa katundu: feteleza, makasu, ulusi wosokera fodya, ziguduli zokutira mabelo. Manijala wathu anali bwana Gondwe, Mtumbuka wamtali wosadziwa kuseka, amene ankavala jekete ngakhale mu Okutobala. Tsiku lina anandipeza ndikukangana ndi munthu wogulitsa udzu, anaima chapatali n'kumamvetsera, ndipo madzulo ake anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapita ndikudziwa kuti ntchito yatha. Koma iwo anandiuza kuti kuyambira mawa lake ndizipita nawo kogula katundu, kenaka anandipatsa malamulo awo, akuwerenga pa zala. "Pulika, mnyamata. Chinthu chimene ukuchifuna usachigwire, gwira cha pambali pake. Chachiwiri, palibe katundu wopanda chilema. Chipeze, uchitchule mokweza. Chachitatu, ukanyamuka usacheuke. Wocheuka walipira kale." Kenaka anapinda chala chachinayi. "Ndipo chinthu chikakhala choti chingadikire, chidikire Januwale."

Inu okulira m'tauni mumadziwa Januwale ngati mwezi wa fizi basi. Kumudzi Januwale ndi chilombo china. Nkhokwe zapepuka, fodya akadali m'munda, ndalama za ku okushoni zinatha kalekale, mbewu zikulira feteleza wobereketsa. Aliyense ali ndi chogulitsa, wogula palibe.

Chaka changa chachitatu, esiteti inkafuna ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ndinazipeza kwa bambo wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, ng'ombe zonenepa, zomva mawu. Munali mu Novembala. Anatchula mtengo wabwino ndithu, koma ine ndinanyoza nyanga, ndinanyoza ziboda, n'kutembenuka. Sanandiitane. Bwana Gondwe atamva anangoti, "Dikira." Pakati pa Januwale bambo uja anabwera yekha pa geti la esiteti, akukoka ng'ombe zake mvula ili mkati, ndipo analandira theka la mtengo uja osatsutsa ngakhale kamodzi. Asanachoke anandigwira pamkono. "Mwana wanga, ya kumanjayi ndi Sitima, ya kumanzereyi ndi Kapitawo. Muziziitana mayina, sizifuna chikwapu." Anazisisita pamphumi, n'kumapita. Mwezi womwewo malipiro anga anakwera, ndipo ndinagula nsapato zanga zoyamba zachikopa. Mayina a ng'ombe zija ndikuwakumbukira mpaka lero. Dzina la mwini wake sindinalifunse.

Wimbe, zaka za pakati

Kampani yathu itatsegula esiteti ina ku Wimbe, ananditumiza kumeneko ngati wogula katundu wamkulu. Ndinafika m'chaka chimene ziguduli zinasowa. Fodya anali atasankhidwa, ali mulu m'shedi, jeke yodindira mabelo ili chiimire, koma chokutira panalibe. Mamanijala ankayenda ngati nkhuku zofuna koikira. Ndinamva mphekesera yoti pamsika pali mnyamata wina wachiyao, Che Yusufu, amene anali ndi mipukutu ingapo kuseri kwa kagolosale kake. Ndinapita, n'kuyamba kufunsa mtengo wa sopo.

"Achimwene," anatero Che Yusufu akumwetulira, "sopo mwamugwira kokwanira. Ziguduli zili kumbuyo."

Ndinadziwa pomwepo kuti ndakumana ndi mnzanga. Tinalimbana masiku atatu. Ndinatembenuka kanayi, iye anandiitana katatu, ndipo kachinayi ndinabwerera ndekha ndikunamizira kuti ndaiwala chipewa. Tinagwirizana pakati ndi pakati, aliyense n'kukauza anzake kuti wapambana. Kuyambira pamenepo tinagulana zinthu zaka zoposa makumi atatu, ndipo sitinagulanepo ngakhale singano popanda mkangano. Iye ankandipatsa tiyi, ine ndinkanyoza katundu wake, iye ankalumbira kuti ndikupha ana ake ndi njala, kenaka tinkagwirana chanza. Unali ubwenzi, ngakhale palibe mwa ife amene akanautchula choncho.

Ku Wimbe komweko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu, a Nambewe, ali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale. Iwo okha ndiwo ndinawatenga pa mtengo woyamba, osatchula chilema, osatembenuka. Analowa m'nyumba mwanga ndi mapoto awiri ndi thiranki yachitsulo yolemera ngati belo la fodya. Ndinkayesa muli mbale. Munali mabuku: achingerezi, achichewa, ena opanda zikuto, ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete. Ine kuwerenga kwanga kunali kwa malisiti ndi zolembedwa pa matumba. Iwo ankawerenga ngati munthu amene akumwa madzi atachoka kumunda. Lachinayi lililonse, pa msonkhano wa amayi a mpingo, ndiwo ankaimirira kuwerenga Mawu a Mulungu, ndipo amayi osadziwa kuwerenga ankati a Nambewe akamawerenga umaiwala kuti pali pepala. Tinasamuka kanayi pa ntchito yanga, ndipo paliponse thiranki ija inkakwera lole poyamba, bedi pambuyo.

Pa Boma, nditapuma ntchito

Nditapuma tinamanga kanyumba kathu pa Boma. Matenda a shuga anali atawagwira kale amayi anu, koma tinkawatenga ngati mlendo wongofuna kumusamala pa zakudya. Kenaka anakwera m'maso. Diso lakumanzere linazima pang'onopang'ono mpaka linatheratu. Lakumanja linatsala likugwira ntchito ya awiri. Adokotala a maso anatiuza mosabisa kuti timitsempha ta kuseri kwa diso tafooka, magalasi sangathandizenso kwenikweni, ndipo palibe angalonjeze kuti diso lotsalalo likhala mpaka liti. Ndinali pomwepo pamene ankanena zimenezi. Ndikulemba kuti musadzaganize kuti sindinkadziwa.

Zilembo za m'mabuku zinayamba kuwathawa. Ndinkawapeza pakhonde buku lili pamphuno penipeni, mutu utapendekeka, milomo ikugwedera pa liwu limodzi. Lachinayi anayamba kuwerenga mizere imene ankaidziwa kale pamtima, buku atangoligwira ngati mboni. Sanadandaulepo. Ankangoti, "Osindikiza a masiku ano akuumira inki."

Iwe Tamanda ndiwe unatiuza pa foni za kachipangizo kowerengerapo mabuku. Unati kali ngati sileti ya kusukulu, mkati mwake mumalowa mabuku oposa a m'thiranki, ndipo zilembo umazikulitsa mmene ukufunira. Unati sikathobwa m'maso ngati foni, ndipo ukakatchaja kamodzi kamatha masabata, magetsi azime asazime. Ine ndinafunsa za zilema, monga mwa chizolowezi, ndipo iwe unanena zoona: mabuku achichewa ndi ochepa, kakagwa pansi n'kusweka palibe wokonza kuno, ndipo katsopano n'kodula. Unalonjeza kufunafuna ku Lilongwe. Ine ndinati usavutike, zogula zisiyire mwini wake.

Sabata yomweyo ndinamva kuti Che Yusufu, amene tsopano anali ndi shopu ya mafoni ndi katundu wakunja wogwiritsidwapo kale pafupi ndi depoti, wapeza kamodzi m'katoni.

Loweruka loyamba la Disembala

Tinapita tonse awiri, ndipo panjira ndinawalangiza amayi anu ngati mwana wopita ku mayeso. "A Nambewe, mukakaona musakagwire msanga. Musamwetulire. Zolankhula mundisiyire."

"Ndamva, a Phiri. Ndikhala ngati thumba la makala."

Che Yusufu anatilandira ndi manja awiri. "Eee, Che Ndapita! Mwabwera ndi akuluakulu lero, ndiye kuti mundichitira chifundo. Mayi, khalani apa. Mukufuna chiyani, achimwene, kupatula kundisaukitsa?"

Ndinagwira wailesi, n'kugwira tochi. Iye anangondiyang'ana, anatsegula kabati, n'kutulutsa kasileti kaja. Kanali kakang'ono ngati buku la nyimbo, kopyapyala, kakona kamodzi kali kokalika. Sanandipatse ine. Anakaika m'manja mwa amayi anu, n'kuwasonyeza pokhudza. Mwini wake wakale, kaya anali ndani kutsidya kwa nyanja uko, anasiyamo mabuku ake achingerezi. Zilembo zoyamba zinali zazing'ono, ndipo amayi anu anapukusa mutu. Che Yusufu anakhudza kawiri, zilembo zinakula. Anakhudzanso, zinakula ngati za pa bolodi la sitandade wani.

Amayi anu anachotsa kasileti pamphuno, anakatsitsa mpaka pamiyendo, mmene ankagwirira buku kale ku Wimbe. Kenaka anayamba kuwerenga mokweza. Inali nkhani chabe, ya munthu wina wodikira sitima pa siteshoni, koma mawu aja anatuluka osapunthwa, akukwera ndi kutsika, mawu amene ndinali ndisanawamve zaka ziwiri. Mayi wina amene ankasankha chaja anasiya n'kutembenuka. Anamaliza tsamba, anakhudza, linabwera lina, ndipo anaseka mokweza, misozi ili m'masaya. "A Phiri! Ndikuona! Ndikuona ngakhale mpumiro!"

Mwamuna wina aliyense akanapisa dzanja m'thumba. Ine mumtima ndinati: malonda awonongeka.

Ndalama ndinali nazo, zinali m'thumba la jekete. Che Yusufu anatchula mtengo wofanana ndi thumba limodzi ndi theka la feteleza, ndipo kunena zoona sunali woipa. Koma pakamwa panga panayamba pokha. "Chinthu chokalika ngati chimenechi? Mabuku achichewa alimo angati? Chikasweka ndipita nacho kwa ndani, kwa wokonza njinga? Buku lenileni umabwereketsa mnzako iwe n'kumawerenga lina. Apa ukabwereketsa wabwereketsa thiranki yonse. Ndipo ndani wina m'Kasungu muno angagule sileti yosaimba foni, yosaonetsa mpira?" Ndinatchula theka.

"Che Ndapita," anatero Che Yusufu, osamwetulira, "theka sindinagulire."

"Ndiye mwini katoni anakudyani. Basi, tapita. Tiyeni, a Nambewe."

Amayi anu anamaliza kaye mzere umene anali nawo. Kenaka anapukuta kasileti ndi nsonga ya chitenje, anakabweza ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ndinatuluka osacheuka, makutu ali tcheru. Sanandiitane. Tikudikira kabaza ndinawakalipira. "Ndinakuuzani chiyani? Mwamuonetsa mtima wonse. Tsopano akudziwa kuti tili m'manja mwake."

"Pepani," anatero. "Ndinaiwala."

Pa mawu onse amene amayi anu anandiyankhulapo pa ukwati wathu, awiri amenewo ndi amene sandichoka m'makutu.

Kudikira

Ndinawafotokozera dongosolo langa. Disembala ndi mwezi wa wogulitsa, anthu ali ndi chimwemwe cha Khirisimasi m'matumba. Tidikire Januwale, shopu ikhale gwa, Che Yusufu afewa yekha. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anati, "Inu ndi amene mumadziwa za malonda," n'kupitiriza kusankha nyemba ndi zala.

Sabata ya Khirisimasi amayi a mpingo anali ndi msonkhano wawo waukulu wotsekera chaka, ndipo kwa zaka zambiri wowerenga anali a Nambewe. Chaka chimenecho anapempha mayi wina kuti awerenge m'malo mwawo. Anandiuza kuti anali ndi chifuwa. Sindinawamve akutsokomola, koma sindinafunse.

Chaka chisanathe ndinadutsa pa shopu ija ndekha, kunamizira kufuna mabatire, kuti ndione ngati kasileti kakadalipo. Che Yusufu anandikokera pambali, natsitsa mawu. "Achimwene, tiyeni tisiye masewera. Ndadulako pang'ono, tengani lero. Mayi aja asadikire. Mayi anga anachita khungu ndi matenda omwewa. Zimabwera ngati mvula ya masana, umangoona kwada."

Ndinaseka. Ndinamumenya paphewa. "Che Yusufu, mwakalamba koma nzeru zikadalipo! Mpaka kuwadzutsa amayi anu kumanda kuti akuthandizeni kugulitsa?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pa zaka zonsezo ndinali nditaona nkhope yake yokwiya mwabodza, yolira mwabodza, yodabwa mwabodza. Iyi sindinaidziwe, ndiye ndinaiwerengera pamodzi ndi zinazo. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu, poti wogulitsa akayamba kudula yekha ndiye kuti chingwe chayamba kukhwefuka.

Januwale

Chaka chitangolowa, amayi anu anati m'maso mukuyenda ngati utsi. Ndinati mwina ndi mitambo, popeza mvula inali itamanga sabata yathunthu. Ankayendabe m'nyumba bwinobwino, ankaphika, ankadziwa pamene pali chilichonse. Sanabwerezenso kunena, ine sindinabwereze kufunsa.

Ndinadikira mpaka sabata yachitatu. Ndinapeza shopu ili zii, Che Yusufu atakhala pa mpando akuyang'ana mvula. Ndinali nditakonzekera nkhondo ya tsiku lonse. Ndinatchula theka lija. Iye anatsegula kabati, anakulunga kasileti m'pepala pamodzi ndi chingwe chake, n'kundipatsa. Sanalumbire, sanatchule njala ya ana ake, sanandipatse tiyi. Anangoti, "Pitani msanga." Zinandikumbutsa china chake, munthu wolandira theka osatsutsa mvula ili mkati, koma ndinachikankhira kumbali. Ndinakwera kabaza ndikudziona ngati bwana Gondwe.

Ndinawapeza amayi anu pakhonde. "A Nambewe, tambasulani manja. Pa theka! Ndinakuuzani, Januwale sanama."

Anakalandira, anakasisita m'mphepete mpaka chala chinapeza kakona kokalika kaja. Anamwetulira. "Ndi komwe kaja. Tayatsani."

"Kayaka kale."

Anakasendeza pafupi. "Kulitsani zilembo."

Ndinakhudza monga ndinaonera kwa Che Yusufu. Zinakula.

"Kulitsaninso."

Ndinakhudza, ndinakhudzanso, mpaka pa tsamba lonse panatsala mawu asanu ndi limodzi okha, akuluakulu ngati a pa thumba la feteleza.

"Kulitsaninso, a Phiri."

"Zafika pamapeto."

Mvula inkadontha kuchokera pa malata kugwera m'ndowa. Kenaka anaika kasileti pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. "Ndikuona kuwala kwake," anatero. "N'koyera bwino."

M'mawa mwake tinapita kuchipatala, anatitumiza ku Lilongwe, ndipo zotsalazo mukuzidziwa poti munalipo. Magazi anali atatayikira mkati mwa diso. Ndinawafunsa adokotala ngati kasileti kakanaletsa zimenezi, ndikufuna kuti andimasule. Anati ayi, sikakanaletsa, ndipo kwa kanthawi ndinapuma. Koma pobwerera, m'minibasi, ndinawerengera ndekha. Kuyambira Loweruka lija la Disembala mpaka pamene utsi unayamba panali masabata anayi ndi masiku angapo. Amayi anu, mmene ankawerengera, akanamaliza mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi. Tamanda akanawaikiramo Mawu a Mulungu, akanaimirira pa msonkhano wa Khirisimasi komaliza. Diso silinali langa kuti ndilisunge. Masabata aja anali m'thumba la jekete langa.

Ndinawafunsa amayi anu chifukwa chimene sanandiuzire kuti zafika poipa. Anati, "Mukanathamangira kwa Che Yusufu n'kukalipira mtengo wake wonse. Ndiye mukanakhala bwanji, inu a Ndapita?" Sankanyoza. Zikanakhala bwino akananyoza.

Kuyambira pamenepo

Patapita mwezi ndinabwerera ku shopu ija, kasileti kali m'thumba, ndikuganiza zokabweza, popeza ntchito yake inali itatha isanayambe. Che Yusufu anali atamva kale. Anandikhazika pansi, ulendo uno anaitanitsa tiyi. Nditatulutsa kasileti anakankha dzanja langa.

"Kameneka si kanu, achimwene, ndi ka mayi. Mukudziwa kuti Khirisimasi isanafike kunabwera mphunzitsi wa ku sekondale, anafuna kupereka mtengo wonse? Ndinamuuza kuti kagulidwa kale. Ndinkati mubwera mawa. Tsiku lililonse ndinkati mubwera mawa."

"Bwanji simunandiitane tsiku lija? Nthawi zonse mumandiitana."

"Nthawi zonse mumagula ziguduli," anatero. "Ndinkayesa kuti pa ichi mucheuka nokha."

Ndinaika patebulo theka lina lija. Anakana. Ndinaumirira, iye anaumirira, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wathu tinakangana chobwerera m'mbuyo, wogula akukweza, wogulitsa akutsitsa. Tinazindikira pamodzi, tinaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Ndalama ija sanaitenge.

Tsopano masana aliwonse, tikatha kudya, timakhala pakhonde ndipo ine ndimawerenga. Ine Yotamu, amene moyo wanga wonse sindinamalizepo buku. Tamanda anaikamo Mawu a Mulungu m'Chichewa, ndiponso tikutsata mabuku a mlendo uja limodzi ndi limodzi. Tinayamba ndi la munthu wa pa siteshoni. Amayi anu anakumbukira mzere weniweni pamene ndinawadukiza. Chingerezi changa ndi cha pa malisiti, ndiye amandiimitsa pafupipafupi. "Bwerezani. Pali mpumiro pamenepo, a Phiri, mukuthamangira kuti? Palibe akukuitanani." Maso anga nawonso ayamba kutopa, ndipo zilembo ndazikulitsa kale kawiri. Thiranki ija ili m'chipinda, satilola kuisuntha. Nthawi zina ndimawapeza atatsegula, akununkhiza mabuku.

Mukandifunsa ngati kachipangizo kotere n'koyenera kugula, zilema zonse zimene ndinatchula m'shopu muja n'zoona mpaka lero. Mabuku achichewa ndi ochepa, wokonza palibe, kakona kakadali kokalika. Komabe palibe chinthu chimene ndinagulapo, cha kampani kapena changa, chimene chagwira ntchito ngati kameneka. Ndipo palibe chimene ndinachigula motchipa chotere, kapena modula chotere.

Masiku ano ndimaganiza za bambo uja wa ng'ombe. Ndinatumako uthenga ku Lisasadzi kufunsa ngati pali wokumbukira dzina lake. Palibe.

Pamwamba paja ndinalemba kuti palibe wamalonda amene anandidyapo, ndipo sindifufuta, chifukwa n'zoona. Kasileti ndinakagula pa mtengo wanga, m'mwezi wanga, osacheuka ngakhale kamodzi. Che Yusufu anataya ndalama. Amayi anu anawerenga tsamba limodzi ndi theka. Inu munapita kusukulu kundiposa, tandiuzani: pa malonda amenewa anapambana ndani?